Mashoko a Mawaya pa Garaja ya Bambo

Bambo anga ankayesa mashoko a galimoto ndi manja okha. Ankaima pakona, n'kuika zikhatho pamwamba pa tayala, n'kukanikiza ndi thupi lonse, kenako n'kusiya. Galimoto ikadzuka kamodzi n'kuima, ankati ili bwino. Ikapitiriza kuvina, ankati mashoko afa. Ikakana kutsika, ankati agwira, akatayidwe. Madalaivala onse a pa Kamwendo ankadziwa kuti manja amenewo akagamula, nkhani yatha.

Ine ndine mwana wawo wachitatu, wamkazi. Alongo anga awiri sanafune za oyilo. Ine ndi amene ndinakulira pansi pa magalimoto, ndipo nditamaliza fomu folo ndinapita kusukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira za magetsi a galimoto. Nditabwerako ndinkangopatsidwa ntchito yosintha oyilo ndi kutsuka mapulagi. Kasitomala akandipeza ndekha, sipanala ili m'manja, ankafunsa kuti, "Amakaniko apita kuti?" Ndinkayankha mwaulemu, koma m'kati ndinkawira.

Chaka chimenecho, anthu akukumba mtedza, bambo anandiuza kuti akutseka garaja. Maso anali atayamba kuwavuta, komanso magalimoto amasiku ano ndi mawaya okhaokha, eni ake amangowatengera ku Lilongwe. Mkulu wina wokazinga tchipisi anali atapempha kale malowo. Bambowo ankafuna kubwerera kumudzi ku Dambe kukalima.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe mwana wanga, anthu amabwera kuno chifukwa cha dzina langa. Ndikachoka, ndani akusiyire galimoto yake?"

Sananene mwankhanza, koma zinandiwawa koopsa. Garaja imeneyo inali moyo wanga wonse, ndipo sindinkafuna kuona chiwaya cha mbatatesi pamalo pamene ndinaphunzirira kumasula nati.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wina Wachisilamu wa golosale yapafupi ndi msika. Galimoto yake inkagwira ntchito ziwiri zosagwirizana. M'mawa ankakatenga mazira kwa alimi a nkhuku ku Mavwere, masana ankanyamula matumba a mtedza. Akaika mashoko olimba, mazira ankasweka. Akaika ofewa, galimoto ikasenza inkayenda ikupepesuka ngati chidakwa. Ndiye m'bale wake wa ku Chipata anamutumizira katoni. M'katimo munali mashoko anayi, iliyonse ili ndi waya wake, kabokosi kakuda, ndi batani loika pafupi ndi chiwongolero.

Bambo anatola shoko imodzi, naiyang'ana ngati yawatukwana.

"Aaa, shokonso yayamba kudya magetsi? Achimwene, tidule timawayati tiike ngati mashoko wamba. Apo ayi, pitani nayo ku Lilongwe."

Pakamwa panga panathamanga kuposa nzeru. "Ndiika ine."

Mwini galimoto anayang'ana bambo, osati ine. Bambo anati, "Musiyireni ayese. Ikakanika, imeneyi ndiye ntchito yomaliza ya garaja ino."

Ndinagwira masiku awiri. Chinsinsi chake si chovuta ayi. Shoko iliyonse ili ndi oyilo m'kati, ndipo oyiloyo amadutsa pa kabowo. Kabowo kakatseguka kwambiri, galimoto imafewa. Kakachepa, imalimba. Mashoko atsopanowa anali ndi kachitseko kamagetsi pa kabowoko, ndipo kabokosi kaja ndi kamene kamauza kachitsekoko chochita dalaivala akadina batani. Chovuta chinali kuyendetsa mawaya. Ndinawadutsitsa kutali ndi ekizozi kuti asapse, kutali ndi matayala kuti asaduke, ndinawamanga pamwamba kuti matope a ku Mavwere asawapeze. Waya aliyense ndinamuyeza kawiri ndi kamita kanga koyezera magetsi. Bambo ankati sizikuwakhudza, koma mabawuti a mashoko akale anamasula ndi iwo. Manja awo sankatha kukhala.

Tsiku loyesa, anthu anadzaza. Pa Kamwendo nkhani imayenda pa kabaza, ndipo akabazawo anaimika njinga zawo kudzaonerera galimoto ya mashoko a magetsi. Mkulu wa tchipisi uja analiponso, akuyendayenda ngati akuyeza poika mbaula yake. Ndinamuyang'ana ndi diso loipa, sindibisa.

Ndinali ndisanapukute n'komwe m'manja pamene bambo anapita pakona yakutsogolo n'kukanikiza. Gwa! Galimoto sinatsike. Anapita pakona ina. Gwa! Anazungulira makona onse anayi, kenako anapukusa mutu.

"Agwira onse," anatero. "Pepani achimwene. Mwanayu wayesetsa."

Akanandiseka bwenzi zili bwino. Chisoni chimene chinali m'mawu awo ndi chimene chinandilasa. Ndipo ine ndinkadziwa chimene chachitika. Mashoko amenewa akapanda magetsi amadzitseka okha n'kulimba, kuti waya akaduka pamsewu galimoto isapepesuke. Injini inali yozima, kiyi ali m'thumba mwanga. Mashoko analibe vuto. Amene analakwitsa anali bambo, pamaso pa Kamwendo yense.

Ndinagwira njakata. Mwana woleredwa bwino sauza bambo ake pagulu kuti mwalakwitsa, makamaka pa ntchito imene yawadyetsa moyo wawo wonse. Koma ndikakhala chete, garaja yapita. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndinayandikira, ndinanjuta, n'kunena mokweza kuti onse amve. "Bambo, pepani, ndalakwitsa ndine. Ndinaiwala kuyatsa kiyi. Chonde yesaninso."

Ndinalowa m'galimoto, ndinaliza injini, n'kudina batani pofewa. Bambo anakanikizanso. Galimoto inatsika mwaulemu, n'kudzuka kamodzi, n'kuima. Anabwerera m'mbuyo.

"Tazimitsa."

Ndinazimitsa. Gwa!

"Tayatsa."

Inatsikanso. Akabaza anafa nacho chikhakhali, wina n'kufuula kuti galimotoyi ili ndi mankhwala. Bambo sanaseke. Anayang'ana zikhatho zawo, kenako anati, "Kukanikiza ndi kukanikiza. Tiyeni nayo pamsewu."

Mwini galimoto anatenga thireyi ya mazira kugolosale kwake, naiika pansi kumbuyo, iye n'kukhala pambali pake. Bambo anakhala kutsogolo. Chiwongolero ndinagwira ine. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wopita ku Mavwere, ndinawaonetsa bambo batani lija kuti adine okha. Msewu umenewo mvula inausiya ndi mabampu ondondozana, aja amagwedeza mano. Tinadutsapo galimoto ikungoyandama. Bambo anatseka maso kuti amve bwino. Kenako, osachenjeza munthu, anadina polimba. Gudugudugudu! Kumbuyo kunamveka kufuula.

"Bambo, mazira anga!"

Anabwezera pofewa msangamsanga. Patsogolo pang'ono anadinanso polimba, dala, ngati mwana wapeza choseweretsa. Ndinawaona akubisa kumwetulira. Pobwerera tinakweza matumba atatu a mtedza pakhomo pa mlimi wina, tinaika polimba, ndipo galimoto inakhota makona onse ili chilili. Titafika tinawerenga mazira. Linasweka limodzi lokha, la pamene bambo ankasewera paja. Mwini wake anati limenelo akawakazingira yekha.

Anthu anali akadali pa garaja. Wa tchipisi uja, wopanda manyazi, anafunsa bambo tsiku loti abweretse chiwaya chake.

"Chiwaya chanucho kafunireni malo kwina," anatero bambo.

Ndinaganiza kuti athera pomwepo, koma anatembenukira kwa anthu aja.

"Mwamumva mwanayu akupepesa kuti anaiwala kiyi. Sanaiwale kanthu. Wolakwitsa ndinali ine, iye amangondifunditsa nsalu. Zaka zonsezi manja awa sanandinamizepo, koma lero andinamiza, ndipo amene amadziwa zoona ndi uyu."

Ine ndinangowerama, misozi ikugwera pa ovolosi. Ndinali wonyada, ndipo ndikunyadabe mpaka lero. Garaja ija ilipo, ndipo magalimoto a mawaya amene ankathawira ku Lilongwe amaima pakhomo pathu.

Anthu atabalalika, ndinayamba kutolera masipanala. Bambo anatola kamita kanga kaja pa benchi, nakatembenuzatembenuza, akukayandikiza kumaso.

"Amakaniko," anandiitana, "mawa mulawirire. Mudzandiphunzitse kagwiritsidwe kake ka kanthu kanuka."