Akamba a M'nyanja Yamchere

Makolo anga ndi a ku Nkhata Bay, koma ine ndinabadwira ku Masasa, mu Mzuzu muno, ndipo ndinafika zaka makumi asanu ndi ziwiri ndisanalowepo m'madzi opitirira m'chiuno. Bambo anga anali kalaliki m'tauni, kumudzi tinkangopitako pa maliro ndi pa Khrisimasi. Anthu akamva kwathu ankangoganiza kuti kusambira ndinayamwira, ine osawatsutsa. Tikapita kunyanja ndi ana a sukulu imene ndimaphunzitsa, ndinkadzipereka msanga kulondera zovala ndi nsapato. Ngakhale mkazi wanga, amene ndi wa ku Mzimba ndipo madzi amawaopa mosabisa, sankadziwa kuti mantha athu ndi amodzi.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anakaphunzira zamankhwala ku Dar es Salaam. Iyeyo kusambira anaphunzira ali wamng'ono kwa azakhali ake kumudzi. Atatsala pang'ono kubwerera kuno, anaimba foni kuti tipiteko pa holide ya Ogasiti, tikaone kumene wakhala zaka zinayi, kenako tikawolokere limodzi ku Zanzibar.

"Adada, kumeneko kuli boti lotengera anthu kukasambira ndi akamba," anatero. "Akamba a m'madzi, aakulu ngati thebulo lathu la pabalaza. Amama akakhala m'boti, koma ine ndi inu tikalowa."

"Chabwino, mama," ndinayankha. Pakamwa panayankha pokha, mutu usanafunsidwe.

Patatha milungu itatu, kunyumba kwathu ku Kaning'ina kunabwera mnzanga wina wa ku Mangochi amene ali ndi golosale ku Salisbury Lines. Amapita ku Dar kawirikawiri kukaoda katundu, ndipo ulendo umenewo mwana wathu anamupatsira phukusi. Munali magalasi osambirira, ophimba maso ndi mphuno, ndi kapaipi kopindika kopumira nkhope ili m'madzi. Panali kakalata: muziyeserera.

Linali Loweruka m'mawa mu Julaye, chifunga chikutsika kuchokera kunkhalango moti mitengo ya kuseri kwa nyumba sinkaoneka. Mkazi wanga anadzaza beseni lalikulu lochapira, nathiramo ketulo imodzi ya madzi otentha. Ndinagwada pa simenti nditavala juzi, magalasi ali kumaso. Ulendo woyamba ndinakoka mpweya ndi mphuno, magalasi n'kundimata kumaso, ndinadzuka ndikutsokomola.

"Lumani apa, aphunzitsi," anatero mnzanga uja, akuloza mphira ya kumapeto kwa kapaipi. "Mphuno muiiwale, lero ilibe ntchito. Pakamwa pokha." Kenako anaseka. "Koma zoona wa ku Mangochi kuphunzitsa wa ku Nkhata Bay?"

"Zachilendo ndi zipangizozi basi," ndinatero.

Ulendo wachitatu ndinatha. Ndinakhala nkhope ili m'madzi, ndikumva mpweya wanga ukulowa ndi kutuluka m'kapaipi ngati munthu wogona. Pansi pa beseni ndinaona batani la malaya limene linasowa kalekale, litakanirira mumng'alu. Ndinayeserera chotero Loweruka lililonse mpaka tsiku la ulendo, koma beseni ndi beseni, maondo anga anali pansi pouma.

Ulendo wa pabasi unatenga masiku awiri, kutsika Chiweta, kudutsa Karonga, kudindidwa mapasipoti pa Songwe, kenako msewu wautali wa ku Tanzania. Mwana wathu tinamupeza wanenepako, Chiswahili chikutuluka pakamwa ngati anabadwa nacho. Anationetsa sukulu yake ndi kachipinda kake, ndipo tsiku lachitatu tinakwera sitima ya pamadzi kupita kuchilumba.

M'mawa wa tsiku la akamba tinafika pagombe dzuwa litangokwera. Mchenga wake ndi woyera ngati ufa woyera, ndipo umalowa paliponse. Boti linali lamatabwa, la injini kumbuyo, pamwamba litakungidwa chinsalu chotchinga dzuwa. Tinalimo anthu asanu ndi atatu: ife atatu, azungu atatu, ndi banja lina la ku Kenya. Wotitsogolera anali bambo wa msinkhu wanga, wochepa thupi, wa ndevu zaimvi, mapazi ake otambalala ngati sanavalepo nsapato. Analankhula Chingerezi pang'ono, zambiri m'Chiswahili, mwana wathu n'kumatimasulira.

"Akuti musawagwire, musawathamangitse, musawatsekere njira akamakwera kukapuma," anatero. "Akutinso sakulonjeza kuti tiwaona. Si mbuzi zake zoti anazimangirira pachikhomo."

Mawu amenewa anandikhazika mtima pansi. Ndinayamba kupempha chamumtima kuti akambawo akhale atapita kwina.

Kamba ameneyu m'Chiswahili amamutcha kasa. Ndinakumbuka nkhasi za m'mitsinje ya kwathu, ndipo ndinamuuza mkuluyo kudzera mwa mwana wathu kuti mwina ndi apachibale. Anagwedeza mutu, nafunsa ntchito yanga. Kuyambira pamenepo ankangonditcha mwalimu, kutanthauza mphunzitsi.

Tinayenda mwina mphindi makumi anayi. Mafunde anali ochepa. Mkazi wanga anagwira mzati wa chinsalu ndi manja onse awiri, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Madzi anasintha mtundu kangapo, obiriwira, kenako akuda bii, kenakonso owala, mpaka mkuluyo anazimitsa injini n'kuponya nangula. Kunangoti zii. Nditasuzumira ndinaona mthunzi wa boti lathu pansi pamchenga, patali zedi, ndi chingwe cha nangula chikutsika mpaka kumeneko.

Azungu analumphira m'madzi mmodzimmodzi. A ku Kenya anatsika pamakwerero. Mwana wathu anali atavala kale magalasi.

"Tiyeni, adada."

Manja anga anakana kusiya benchi. Ndinayang'ana mwanayo, ndinayang'ana mayi ake, ndipo ndinalankhula m'Chitumbuka, ngati kuti chilankhulocho chichepetsa manyazi.

"Mama, ine nkhumanya yayi kuskamba. Sindidziwa kusambira. Sindinasambirepo chibadwire."

Mwana wathu anakweza magalasi pachipumi. Amene anayamba kulankhula ndi mkazi wanga.

"Abambo, zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi."

"Ndiye zovala za ana munkalondera zija?"

"Eya."

Anayesa kudzigwira koma mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anasiya mzati uja, napukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Sikunali kuseka konyoza. Atatha anandigwira bondo n'kunena kuti, "Khalani pano ndi ine, tizionera limodzi. Palibe wakukakamizani."

"Pepani, adada," anatero mwana wathu. "Ndikanafunsa kaye."

"Ukanafunsa ndikanakunamiza."

Mkulu wa boti sanafune womumasulira. Anali ataona kale mmene ndinagwirira benchi. Anatulutsa jekete yoyandamitsa pansi pa mpando, nandiveka ngati akuveka mwana wopita kusukulu, akukoka lamba aliyense mpaka ndinamva kuthina. Kenako anatenga chubu chofiira chokhala ndi chingwe, nalankhula ndi mwana wathu.

"Akuti theka la anthu amene amawatenga sadziwa kusambira, kungoti ambiri amaulula ali kale m'madzi. Akuti inu mugwire chubu, iwo akoka chingwe. Mukafuna kubwerera mungokweza dzanja."

"Pole pole, mwalimu," anatero mkuluyo, kutanthauza pang'onopang'ono, natsika.

Makwerero anali ndi masitepe anayi. Pa lachitatu madzi anafika pachifuwa, ofunda kuposa a m'beseni. Pansi pa lachinayi panalibe kanthu. Ndinaima pamenepo nthawi imene sindingaiyeze, phazi limodzi likufufuza pansi pomwe palibe. Mkazi wanga anasuzumira pamwamba panga.

"Mwafika kale apo, abambo. Malizani."

Ndinagwira chubu n'kusiya makwerero. Sindinamire. Jekete inandinyamula m'khwapa, miyendo n'kuyandama yokha kumbuyo. Mchere unandilowa m'kamwa, wowawa kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinalavula, ndinaluma mphira ija, ndipo ndinaviika nkhope.

Phokoso lonse la pamwamba linatha. Kunatsala mpweya wanga ndi kathethethe kena kosalekeza, ngati chimanga chikukazingidwa kutali. Pansi panga panali miyala yooneka ngati nyanga, ina ngati bowa, ndi nsomba zamizeremizere zikuyenda m'magulu osatilabadira. Kutsogolo ndinkaona mapazi a mkulu uja akupalasa mosafulumira, chingwe chili m'dzanja. Kumanja kwanga kunali mwana wathu. Nthawi ndi nthawi ankatembenuka kundiyang'ana, ine n'kumukwezera chala chachikulu, dzanja osasiya chubu.

Tinayenda chotero kwa nthawi ndithu osaona kamba. Khosi linayamba kuwawa. Miyala inatha, tinafika pamalo a udzu waufupi womera pamchenga, wogonera mbali imodzi ngati dambo la mphepo. Ndinali nditayamba kuganiza zokweza dzanja pamene chingwe chinagwedezeka kawiri. Mkuluyo ankaloza pansi.

Poyamba ndinaona ngati mwala. Kenako mwalawo unatukula mutu. Anali kudya udzu, akuzula pang'onopang'ono ndi kukamwa kwake kokhota, mchenga n'kumafuka ngati fumbi. Chigoba chake chinali chofiirira, cha mawangamawanga, ndipo pamwamba pake panakakamira nsomba ziwiri zazitali. Mwendo umodzi wakumbuyo unali woduka nsonga. Mwana wathu sananame za thebulo.

Tinaima pamwamba pake tonse atatu. Iye anapitiriza kudya. Ndinaona kuti mpweya wanga wayamba kuyenda bwino, osathamanga ngati poyamba.

Patapita kanthawi anasiya udzu, natambasula miyendo yakutsogolo, yaitali ngati mapiko, n'kuyamba kukwera. Ndinazolowera kamba wa kumtunda, wokwawa movutikira ngati wasenza katundu wa eni. Uyu ankauluka. Kukupiza kamodzi, kuyandama, kukupizanso. Mkulu uja anandikokera m'mbuyo pang'ono kuti timupatse njira. Anadutsa pafupi moti ndinaona makwinya a pakhosi pake ndi diso lake lalikulu lakuda, limene linandiyang'ana kamodzi n'kundisiya. Nditatulutsa mutu m'madzi, nayenso anali atatulutsa wake. Anapuma kamodzi mwamphamvu, fuu, ngati munthu amene watula thumba la chimanga, nakokanso mpweya, n'kubwerera pansi.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti chubu ndachigwira ndi dzanja limodzi. Linalo linali m'dzanja la mwana wanga. Sindikudziwa anayamba kugwira mnzake ndani.

Tinaonanso wina wamng'ono, amene sanafune alendo ndipo anathawa. Kenako ndinakweza dzanja, poti miyendo inayamba kuzizira.

M'boti mkazi wanga anandilandira ndi thaulo.

"Ndaona mutu wake," anatero. "Ndimayesa chitsa. Nanga pansipo pali bwanji?"

Ndinayesa kufotokoza koma mano ankagundana, mawu osagwirana. Mkulu uja anasenda nanazi ndi mpeni waukulu n'kutigawira. Ali mkati mosenda anauza mwana wathu kuti kamba woduka mwendoyo amamudziwa, wakhala akudya pamalo amenewo zaka zingapo, ndipo mwina anakodwapo mu ukonde. Anati ali mnyamata bambo ake ankawagwira akambawa n'kumadya, iyenso anadyako, koma tsopano akapeza wina atakodwa amadula ukonde ngakhale mwini wake akalipe.

"Yewo chomene," ndinamuuza potsika. Mwana wathu anafuna kumasulira koma mkuluyo anamuletsa ndi dzanja, nandigwira chanza nthawi yaitali.

Tisanachoke pagombe, mkazi wanga anamwa madzi otsala m'botolo lake, nakwinya chitenje, nalowa m'nyanja mpaka m'akakolo. Anadzaza botololo, nalitseka mwamphamvu, n'kulikulunga m'pepala lapulasitiki.

"Kwathu akakhulupirira bwanji kuti nyanja ingakhale yamchere?" anatero.

Tinabwerera atatu, katundu wa mwana wathu atadzaza pansi pa basi. Mzuzu tinaupeza mmene tinausiyira, kamvula kowaza ndi anthu ovala zipewa zaubweya. Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, amayi a kwaya anabwera kudzaona mwana. Mkazi wanga anaika botolo lija pathebulo ndi supuni yaing'ono, ndipo aliyense analawa, wina n'kukwinya nkhope, wina n'kupempha kubwereza. Mayi wina wachikulire, amene amaimba besi pamodzi ndi azibambo, anagwira madziwo m'kamwa kanthawi asanameze.

"Ndiye akamba anuwo amamwa zomwezi tsiku ndi tsiku?" anandifunsa.

Ndinavomera kuti funso limenelo sindinafunse.

"Mukadzapitanso mukafunse," anatero, napereka supuni kwa mnzake.