Aphunzitsi Amene Ankavasileta

Ndikukumbukira tsiku limene aphunzitsi athu a Sitandade 7, a Chimbalanga, analemba mawu akuti vacillate pa bolodi, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Kunkatentha, ndipo mphepo inkalowetsa fungo la usipa m'kalasi. Iwo anatsina mphuno monga mwa chizolowezi chawo, n'kutiuza kuti kuvasileta n'kukhala ndi mitima iwiri, lero ichi mawa icho, osamanga mfundo.

"Ndi matenda a inu anthu a kunyanja," anatero, akusasa choko pa tayi.

Mtima wanga unawira. Bambo yemweyu, ndi tayi yakeyo, anali atatha zaka zitatu akufunsira achemwali anga a Nabanda. Loweruka lililonse ankatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango kwathu kwa Maganga, n'kudya chambo mpaka kuyamwa mutu. Pamenepo fungo silinkawavuta! Koma ankhoswe osatumiza. Chimene chinkawaopsa chinali chikamwini: munthu wa Chingerezi chotere akamange nyumba kwa mkazi, azikalima munda wa apongozi? Mwezi uno ankati avomera, mwezi winawo ankati akuganizabe. Achemwali anakana amuna awiri podikira, mpaka amayi a pachitsime anayamba kuwaseka.

Atatiuza kuti aliyense apange chiganizo, ndinaimirira. Ndinanena m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti aphunzitsi athu akhala akuvasileta pakhonde pathu zaka zitatu. Wina kumbuyo kwa kalasi anaphulika ndi phwete. Ndinalandira zikoti zisanu m'manja, koma chiganizocho sanachikonze. Chinalibe pokonza.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Achemwali anandithowa manja. Asodzi atabwerako ku chilumba cha Mbenji, a Lufeyo, msodzi wosatha kulemba ngakhale dzina lake, anatumiza ankhoswe sabata yomweyo n'kuyamba kuumba njerwa kuseri kwa nyumba ya amayi.

Njinga ija inabweranso, mwini wake ali thukuta kamukamu.

"Tsopano ndaganiza," anatero a Chimbalanga.

"Pitirizani kuganiza, aphunzitsi," anayankha achemwali. "Chambo cha lero chili ndi mwini wake."

Masiku ano ana amangofufuza mawu otere pa foni, ndipo za chikamwini anthu amangokambirana. Chingerezi cha a Chimbalanga ndinachiiwala pafupifupi chonse. Ndinangotsala ndi mawu amodzi aja, chifukwa tanthauzo lake ndinaliona ndi maso likukankha njinga mumchenga, lili ndi njala.