Nsalu ya pa Chinkhoswe cha Ella

Kwa Mbenje aliyense amamutchula Priska kuti Kaputeni, ngakhale mwiniwake watopa n'kufotokoza kuti iye ndi wachiwiri chabe kwa kaputeni. Anthu akwathu akakukweza udindo sakutsitsanso. Ndiye mkazi woyamba m'dera lino kuyendetsa sitima ya katundu pa nyanja yamchere, komabe chaka chino anabwera kumudzi mtima uli m'mwamba. Mwana wake Ella anali ndi chinkhoswe, ndipo akuchimuna ankabweretsa nsalu ya mayi, yothokoza msana umene unabereka mkwatibwi. Nsalu imeneyi imakhala imodzi, koma amayi a Ella analipo awiri.

Priska anakulira m'bwato la bambo ake, amene ankawolotsa anthu pa Shire. Atsikana anzake akamasinja mapira, iye amakhala ali pamadzi kuphunzira kuona pamene pabisala mchenga. Atamaliza Fomu 4 anapeza malo kusukulu ya za sitima ku Mangochi, koma n'kuti ali ndi khanda m'manja. Bambo wa khandalo, wodula nzimbe ku Nchalo, anali atazimiririka sizoni itangotha. Mng'ono wake Nancy ndi amene anamuuza kuti apite, amugwirira mwanayo mpaka tchuthi. Kugwirira kuja kunatha zaka zoposa makumi awiri.

Atagwira ntchito pa nyanja yathu, Priska anatsikira ku Beira. Amuna a m'sitima poyamba ankamutuma tiyi, koma sipanapite nthawi anayamba kudikira iyeyo kuti alembe njira pa mapu. Za mphepo ndi mafunde a pakati pa Durban ndi Mombasa mungamufunse ali m'tulo. Koma mumufunse kuti Ella anamera mano liti, kapena anathamangira naye ndani kuchipatala atakomoka ndi malungo, mudzaona Kaputeni wathu akuyang'ana pansi. Nancy sukulu anasiyira panjira. Amuna omufunsira ankati akaona mwana kumsana, n'kumabwerera pachipata. Zonsezi Priska ankazidziwa, zinkamudya mumtima, ndipo mankhwala ake kunali kusaina ulendo wina.

Tsono minibasi ikutsetsereka zitunda za ku Chikwawa, kutentha kutayamba kulowa pa windo, anatsimikiza mtima kuti akadzaitana mayi wa mwana, iye adzakhala chikhalire n'kuloza Nancy. Anali maganizo abwino ndithu. Cholakwika n'chakuti sanauze munthu, ngakhale mchimwene wawo Ignasio, amene anali nkhoswe. Munthu wozolowera kulamula sitima ankaona ngati nkhani yatha poti waigamula yekha m'mutu. Komanso, tinene zoona, ankachita manyazi kuitchula pakamwa.

Tsikulo bwalo linadzaza, ena atabwerera chinkhoswe, ambiri kudzaona mkazi woyendetsa sitima. Nancy anali pa kalikiliki kuyambira m'mawa. Nthawi ya mphatso itakwana anatulukira atavala diresi yatsopano, n'kukhala kumapeto kwa mphasa akupukuta manja. Azakhali a mkwati anatambasula nsalu ija, yolemera bwino, ndipo Ignasio, amene sabata yonse anakhala akudzitama ndi mlongo wake pamsika, anakweza mawu.

"Mayi wa mwana, Kaputeni Priska, aimirire tiwaone!"

Nthungululu zinasweka, mafoni ali m'mwamba. Priska mpaka lero sadziwa kuti zinatheka bwanji, koma anangopezeka waimirira. Kunena kuti anamukakamiza kungakhale kunama, chifukwa ulemu uja unamukomera. Akumukulunga nsaluyo m'chiuno, Priska anayang'ana Ella, n'kupeza kuti mwanayo maso ali kumapeto kwa mphasa, kumene Nancy ankaomba m'manja kuposa wina aliyense. Mpata wokonza zinthu unalipo. Akanatha kuvula nsaluyo pomwepo n'kuitana mng'ono wake pakati pa bwalo. Koma ng'oma inali italira, amayi atamuzungulira, ndipo iye anavina.

Alendo atabalalika, Priska anamupeza Nancy kuseri kwa nyumba akukwecha mapoto ndi mchenga. Anamutambasulira nsalu ija ndi manja awiri, ataipinda bwino.

"Iyi ndi yako, Nancy. Ndalakwa."

Nancy anaiyang'ana, koma manja sanawachotse mumchenga. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Priska.

"Nkhabe, achemwali, sindilandira. Nsalu ndili nazo. Mukandipatsira kuseri kuno, ndiye kuti ndinali wantchito, lero mwandilipira. Ine ndimafuna dzina langa limveke anthu aja ali pompo."

Priska anatembenuka kuyang'ana pabwalo, nsalu ili m'manja. Panali patatsala mipando yokhayokha, nayonso ikukwezedwa pa ngolo.