Botolo lochokera kuseri kwa mpanda

Kwathu ku Ntcheu mowa sitilandira mwachisawawa. Wokupatsa chipanda amayamba wamwako yekha, iwe ukuona pakhosi pake pakuyenda, kenako n'kukupatsira. Ndinakula nazo zimenezi, ndipo boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Mangochi, cha ku Makokola, ndinapita nazo pamodzi ndi mphasa ndi mapoto. Anzanga anandichenjezanso kuti kunyanja kuli mankhwala oopsa. Ambiri mwa ochenjezawo anali asanapondeko n'komwe ku Mangochi, koma mawu awo ndinawasunga.

Kuseri kwa mpanda wanga wabango kunkakhala bambo wina wachikulire, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, mwini boti lonyamula alendo a ku hotela kukaona mbalame kuzilumba. Poyamba tinkakhala bwino. Amene anatidanitsa ndi galu wanga. Galuyo anaboola mpanda, n'kukamwa madzi mu ndowa imene bamboyo ankasambira asanapemphere. Tinakangana, mawu oipa anatuluka mbali zonse ziwiri. Pasanathe mwezi galu uja ndinamupeza atauma pansi pa mtengo wa mango, thovu lili kukamwa. Ena ankati wadya khoswe wophedwa ndi mankhwala. Ine yankho langa ndinali nalo mumtima, ndipo kuyambira pamenepo moni wathu unali wongokweza dzanja.

Loweruka lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndinali pakhonde kuchonga makope a ana. Ndinamva odi. Anali aneba aja, atanyamula jumbo yakuda. Munthu amene sanapondepo pakhomo panga chifere galu, lero wabwera ndi mphatso! Ndinawapatsa mpando, maso anga ali pa jumbo.

Anatulutsa botolo la mowa wofiirira, lotsegula kale, lomwedwa pang'ono.

“Aphunzitsi, mzungu wina anandisiyira m'boti dzulo. Akuti ndi ramu. Kwa ife izi ndi haramu, zoletsedwa; amayi kunyumba akuti lisagonenso m'nyumba. Ndinati nditaye m'nyanja, ndiye ndakumbuka kuti inu mumamwa.”

Ndinalikweza botololo kudzuwa. Pansi pake panali kakhungwa kopindika ndi tinjere takuda, ndendende zimene asing'anga amayala pamsika.

“Nanga izi?”

“Mdalasini umenewo, ndi karafuu. Amayi amathira mu tiyi. Mzunguyo anaikamo yekha, akuti zimakoma choncho.”

Yankho linali lokonzeka msanga kwambiri, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga makapu awiri, dala. Nditathira, fungo linakwera lokoma zedi, la shuga wopsereza ndi zonunkhira za m'mandasi a pa Idi. Malovu anadzaza m'kamwa, ndipo ndinadzikwiyira. Nyambo ya mbewa nayonso imanunkhira bwino.

Ndinawakankhira kapu imodzi.

“Kwathu wobweretsa mowa ndiye amayamba kulawa, bambo.”

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti sangamwe. Ndinkafuna akane, ine ndipeze chifukwa chobwezera botolo, aliyense akhale kwake monga kale. Anayang'ana kapu, anayang'ana ine, ndipo nkhope yawo inagwa.

“Aphunzitsi, chibadwire changa mowa sunapitepo pakhosi panga. Imvi zonsezi.”

“Ndiye mwambo wakwathu umenewo.”

Kenako anafunsa motsitsa mawu, “Ndi za galu uja eti?”

Ndinayamba kusanja makope amene anali osanjika kale.

“Wallahi sindinamuphe. Koma kulumbira kwanga inu simungakumve.”

Anavula kofia wawo woyera n'kumuika pabondo, ngati kuti kofiayo asaone nawo. Anatenga kapu. Anatseka maso, n'kuyamba kukweza kapu ija.

Mantha anga sanathe, ndisaname. Mutu unkandiuzabe kuti mwina akungochita sewero, akudziwa kuti ndiwaletsa. Koma kuona nkhalamba ikugulitsa chipembedzo chake chifukwa cha moni wa mphunzitsi wobwera, zinandichititsa manyazi oopsa. Kapu itangokhudza ndevu, ndinawagwira pamkono. Ndinailanda n'kugugudiza yonse.

Mowawo unayamba ndi kutsekemera, kenako moto unatsika pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, osati moto wolusa wa kachasu umene umakung'amba pakhosi, koma wofunda, waulemu. Pambuyo pake m'kamwa munatsala mdalasini uja ndi kuwawa pang'ono kwa khungwa la lalanje. Lilime linachita dzanzi kunsonga, ndipo ndinati basi, ayamba kugwira ntchito mankhwala aja.

“Lilime lachita dzanzi,” ndinatero, ndikuwayang'anitsitsa.

“Karafuu ameneyo. Timaika pa dzino likamawawa.”

Ndinadikira kuti m'mimba mupotokole. Simunapotokole. Kapu yachiwiri ndinaimwa modekha, ndikuisunga m'kamwa, ndipo ndinavomereza mumtima kuti mowa wokoma chotere ndinali ndisanaumwepo. Ndinkamwa ndikumvetsera thupi langa, mbali ina ndikusangalala, mbali ina ndikuwerenga kugunda kwa mtima.

Aneba aja sananyamuke. Anavalanso kofia, n'kukhala phee, maso ali pa ine. Ndikatsokomola, ankadzidzimuka. Ndikapukuta thukuta, ankaweramira kutsogolo. Ku mzikiti anaitana swala ya madzulo, iwo osasuntha. Ndinayambanso kukayika: akudikira chiyani munthuyu, akufuna aone ndikugwa?

“Bambo, akuitana ku mzikiti.”

“Ndamva. Ndikaswali kunyumba.” Anaimirira, koma anaima pa sitepe. “Aphunzitsi, botololi ine sindikulidziwa. Mzunguyo sindikumudziwa. Zimene anaikamo ndangoziona ndi maso ngati inu. Anthu andiona ndikulowa nalo pano. Mukangodwala lero, ngakhale malungo enieni, mudzi wonse unena kuti ndine.”

Apo m'pamene ndinaona kuti thukuta linali litanyowetsa mkanjo wawo wonse kumsana.

“Ndiye chonde,” anatero, “musamwenso lero. Ndipo mawa mutsegule chitseko molawirira, ndikuoneni.”