Dzinja Limene Ulemu Unagwetsa Amayi

Wailesi ya kaseti ija chitseko chake chinali chothyoka, ndiye tinkachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Inali ya amalume, koma dzinja limenelo, ine ndili Sitandade 4, inasamukira kwathu ndipo nyimbo inasiya. Munkatuluka mawu a azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, akufunsana nthawi ya sitima ndi za nyumba ya lendi, amayi ali pamkeka khutu tcheru, pensulo m'manja. Mabatire akafooka, azunguwo ankayankhula ngati aledzera kachasu. Mabatirewo tinkawayanika padzuwa mvula ikakata, ndipo kaseti tinkaibweza ndi bolopeni kuti moto usathe msanga.

Amayi anali mzamba pa kachipatala kena ka m'dera lathu la Domasi. Anzanga ambiri a kusukulu anabadwira m'manja mwawo. Chaka chimenecho amayi anasankhidwa kuti akaphunzire uzamba wapamwamba ku Mangalande zaka ziwiri. Chotsala chinali chimodzi: akhoze mayeso a Chingerezi, zotsatira zikafike kumeneko Isitala isanakwane, apo ayi malowo apita kwa wina. Taganizani, munthu wolemba malipoti m'Chingerezi tsiku ndi tsiku, woti madokotala achilendo ankamufunsa nzeru, ati atsimikize kaye kuti Chingerezi amachidziwa. Zimandiwawa mpaka lero.

Mayesowo anali panayi: kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula. Pa zitatu zoyambazo kaseti inkathandiza, pamodzi ndi kabuku kofotokopa kamene mnzawo wa ku Zomba anawabwereka. Masamba omaliza a kabukuko, onena za kuyankhula, kunalibe. Amalume anati zimenezo n'zosavuta, pangofunika munthu wowadziwa azungu, ndipo anakatenga aphunzitsi. Awa anali mkulu wopuma pantchito, amene anaphunzitsa amayi ali mwana, ndipo asanagwire choko anakhalapo kalaliki ku Zomba nthawi ya atsamunda.

Ankabwera Lachitatu ndi Loweruka masana, jekete ndi tayi, thalauza atalipinda chifukwa cha matope a m'madimba a mpunga, ambulera yakuda ili m'khwapa. Jeketelo linkanunkha m'bokosi. Ankakhala pampando wa ndalema, amayi pansi, ndipo malamulo awo ndikuwakumbukira ngati ndawamva dzulo. “Mzungu sakonda wolongolola, mayi. Akafunsa chimodzi, yankhani chimodzi.” Tsiku lina: “Osamuyang'ana m'maso. Osamutsutsa. Osadzitama.” Amayi ankangoti chabwino aphunzitsi, chifukwa panalibe chachilendo. Ndi mmene ankayankhulira kale ndi munthu aliyense wamkulu kapena mlendo. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anagonera n'kusasa. Komabe mkuluyo sindimukwiyira kwambiri. Anapereka chimene chinamusunga pantchito iye mwini, ndipo sanalandire ngakhale nkhuku.

Amayi ananyamuka mu Febuluwale, mvula ili pakati. Mtsinje unali utasefukira n'kumiza njira yachidule, ndiye amalume anawakweza panjinga kuzungulira mpaka pa Songani, nsapato zawo za kutchalitchi zili m'jumbo. Kumeneko anakwera minibasi ya ku Liwonde, kenako basi ya ku Lilongwe, kumene mayesowo ankachitikira. Anabwerako patapita masiku atatu, atanyamula buledi, nkhope ili mwee.

Nkhani yonse anaifotokoza pakhonde, amalume ndi aphunzitsi ali pomwepo, ife tikudya buledi uja ndi tiyi. Wowayesa kuyankhula anali kamnyamata kachizungu, ndevu zosamera bwino, kali ndi kawailesi kojambula mawu patebulo. Amayi analowa, anapinda bondo pang'ono, n'kuima mpaka atauzidwa kawiri kuti akhale. Kanawafunsa za ntchito yawo. Iwo anati amathandiza amayi oyembekezera. Kanati afotokoze tsiku limene ananyadira kwambiri pantchitoyo. Iwo anati zonse amachita ndi Mulungu. Abale inu! Mayi amene anachiritsa mzimayi wa mapasa m'ngolo ya ng'ombe, pamsewu wa ku Naisi, mvula ikuwakhuthukira pamsana, nkhani yoti kwathu ankaifotokoza mpaka nkhuni kutha, kumeneko anaimeza. Kenako kamnyamatako kanati anthu ena amanena kuti azamba a m'midzi aletsedwe, iwo akuona bwanji? Nkhani imeneyi amayi akaiyamba kunyumba ankachita kuimirira, chala m'mwamba. Kumeneko anati zili monga mwaneneramo, bwana. Kamnyamata kanadikira, kanayang'ana wotchi. Amayi nawonso anadikira, manja pamiyendo, maso patebulo.

“Ndinawapatsa ulemu wonse, achimwene,” anatero kwa amalume. Aphunzitsi anagogoda ambulera pansi, nati mwakhoza basi, kayambeni kusoka zovala za mphepo. Ndipo amayi anapitadi kwa telala pa Songani.

Kalata inabwera chimanga chitayamba kudyedwa chachiwisi. Amalume anakaitenga ku positi ofesi, envulopu yoyera yolimba, ndipo anaipereka ndi manja awiri. Amayi anaiwerenga ali chiimire, adakali mu yunifomu. Kumva, kuwerenga ndi kulemba anakhoza bwino zedi. Kuyankhula anaperewera pang'ono, ndipo pang'onopo panakwana kugwetsa zonse. Lamulo linali lakuti wolephera adikire miyezi itatu asanayesenso, pamene Isitala inali pakhomo. Aphunzitsi anati payenera kuti pasokonekera mapepala. Analemba kalata yodandaula ya masamba atatu, Chingerezi chokhala ndi tayi, koma yankho silinabwere. Nawonso kwathu anasiya kubwera, ndipo akakumana ndi amayi kumsika ankakhotera kwa ogulitsa usipa.

Patapita zaka zambiri ine ndinakalemba mayeso omwewo. Ndinalowa osapinda bondo, ndinamuyang'ana wondiyesa m'maso ngati ndikufuna kumumenya, ndinabwebweta za ulendo wa tchuthi umene sindinapiteko, ndinatsutsa zinthu zoti ndinalibe nazo ntchito. Ndinakhoza. Ndiye ndinadziwa kuti chimene ankayesa m'chipinda chija si Chingerezi chokha ayi. Ankafuna munthu woleredwa ngati iwo, ndipo panalibe anauza amayi. Kamnyamata kaja kanaona mayi wamkulu akumira ndi ulemu pamaso pake, kanangoyang'ana wotchi. Amayi anapuma pantchito pa kachipatala komweko. Diresi la mphepo lija anadzalidula n'kundisokera siketi.

Koma tsiku la kalatalo ine ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe n'kukavina ndekha. Ndiulule: dzinja lonselo ndinkapemphera kuti alephere. Bambo anali atamwalira kale, ndipo amayi akanapita, ine ndikanakakhala kwa amalume, kumene ana ankakhalira kupirikitsa mbalame mumpunga kuyambira m'mawa. Lamulungu lililonse ndinkatsinzina zolimba m'tchalitchi n'kunena kuti Ambuye, asapite. Ndiye pamene amayi anali m'nyumba, chitseko chotseka dzuwa likuswa mtengo, ine ndinkati Mulungu wa ku Domasi amayankha msanga.

Sabata yotsatira amalume anabwera kudzatenga wailesi yawo. Ndinawatengera madzi akumwa, ndinagwada, ndinapereka kapu maso ali pansi. Anandifunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Ndinati bwino. Amayi anali kusankha nyemba pa lichero. Analiika pansi, anandigwira pamkono n'kundidzutsa mwamphamvu mpaka madzi anatayikira pamapazi a amalume.

“Imirira! Ayang'ane amalume ako m'maso. Akufunsa za sukulu, fotokoza!”

Ndinayang'ana pansi, chifukwa ndi amayi omwewo anandiphunzitsa kutero, ndipo kale ankanditsina ndikayiwala. Mbama inatera patsaya langa, yoyamba chibadwire changa.

“Achemwali, mwanayu walakwa chiyani?” anatero amalume.

Amayi anayang'ana dzanja lawo, n'kulowa m'nyumba, nyemba zitamwazika, nkhuku zikutola. Ine ndinaima pomwepo tsaya likutentha, ndipo sindinalire mokweza, chifukwa ndinkadziwa mlandu wanga. Ndinkati Mulungu wawauza za pemphero lija. Zoti mayi angamenye mwana wake chifukwa choti mwanayo wafanana naye, mutu wanga wa Sitandade 4 sukanazimva.