Kapu ya Ulusi Wofiira

Ndikukumbukira kapu ya bambo anga, yachitsulo, yomangidwa ulusi wofiira pachogwirira. Inkakhala payokha pazenera kwathu ku Golomoti, ndipo mwana akaikhudza ankalawa mbama ya amayi.

Bambo ankakhosomola chifuwa chouma, chosatulutsa kanthu. Munthu amene kale ankapalasa njinga ndi matumba awiri a mpunga mpaka ku Mtakataka, tsopano popita kunkhokwe ankaima kawiri, manja ali m'chiuno. Mudzi wonse unagamula kuti ndi TB. Kuchipatala chaching'ono anayeza makhololo katatu osapeza kanthu, komabe anawapatsa mankhwala ake. Anamwa miyezi isanu ndi umodzi, chifuwa chili pompo.

Kwathu mnyamata amadya ndi bambo ake, ndipo mnyamata ndinalipo ndekha. Powopa TB ija, anandisamutsira ku mbale ya amayi ndi alongo anga, anzanga n'kumandifunsa ngati chitenje ndagula kale. Zimenezo ndinkapirira. Chinkandiwawa chinali kuona bambo akudya okha patsinde pa bwemba, kutafuna pang'ono, kupuma, kutafunanso. Ndikasendera ankakweza dzanja kundibweza. Zaka zitatu zinatha choncho. Amayi anatopa ndi kuwiritsa kapu, azakhali anatopa ndi kukumba mizu, alendo nawo analeka kupempha madzi akumwa pakhomo pathu.

Pomaliza amalume anatitengera kuchipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anawajambula m'chifuwa ndi kuwauza kuti apemerere m'kapaipi mpaka maso kufiira. Dokotala wake, mayi wa imvi, ataona kuti ndikusuzumira anandiika chomvera chake m'makutu. Kumsana kwa bambo kunkamveka ngati munthu akuponda masamba ouma.

"Si TB iyi," anatero. "Mapapo achita zipsera, auma. Choyambitsa sitikuchidziwa, ndipo mankhwala ochiritsiratu palibe."

Amayi anafunsa chimodzi chokha. "Nanga anawa, adokotala?"

"Matendawa sapatsirana, mayi. Adye nawo mbale imodzi."

Amayi anangoti khwithi pansi, chitenje kumaso.

Titabwerera kumudzi ndinasamba m'manja n'kukakhala pa bwemba paja. Bambo anakweza dzanja mwa chizolowezi, n'kuliyang'ana, n'kulitsitsa. Kenako anandikankhira mutu wa mlamba umene ankadziwa kuti ndimaukonda. Tinadyera limodzi kuyambira nthawi yokolola mpunga mpaka mvula yoyamba, basi.

Masiku ano ndimamva kuti kuli mankhwala ochedwetsa matendawa, ndiponso timakina ta mpweya toika m'nyumba. Kaya zikanafika kwathu, sindikudziwa, ndipo ndinatopa n'kudzifunsa. Imfa yawo ndinaivomera kalekale. Chimene chimandikanika ndi zaka zitatu zija, zimene tinawasiya okha powopa matenda amene analibe.

Kapu ija ndili nayo. Ana anga amamweramo tsiku ndi tsiku, koma ulusi uja sindinaumasule.