Setifiketi ya Munthu Wosasunga Chinsinsi

Dzina loti a Wayilesi anawapatsa ndi anzawo a ku ofesi. Ntchito yawo ndi ya netiweki: kukoka mawaya m'denga, kukwawa pansi pa madesiki, kudzutsa intaneti ikakomoka. Manja awo ndi aluso, koma pakamwa ndiye posapuma. Mutu ukhoza kukhala m'denga, mapazi okha akuoneka pa makwerero, koma nkhani zimangotsikabe.

Tsiku lina bwana anawauza kuti kampani iwalipirira maphunziro a chitetezo cha netiweki. Maphunzirowo anali amitundumitundu, koma ankayenera kusankha setifiketi imodzi yokha, ndipo ntchito yawo yam'tsogolo idzatsata pepala lomwelo. Akasankha molakwika, kwawathera.

Mtima wawo unagwera pa ya oyesa chitetezo, anthu aja amaloledwa kuthyola makompyuta a kampani n'kuuza eni ake pomwe pali pobooka. Atafika kunyumba anafotokozera akazi awo, omwe ankasita zovala pabalaza.

"Ndiye mukapeza pobooka ku banki, muziuza ndani?" anafunsa mayiwo.

"Eni ake okha basi. Zimenezi n'zachinsinsi."

"Inuyo, abambo? Chinsinsi?"

"Ndiyeseni muone!"

Mayiwo anaimika simbi n'kuwanong'oneza: "Ndili ndi pakati. Musauze munthu, amayi ndikufuna ndikawauze ndekha."

A Wayilesi anavina ndi chimwemwe, n'kulumbira kuti pakamwa atseka ndi loko. Tisawanamizire, m'mawa mwake anayesetsadi. Anakhala duu mpaka anzawo anafunsa ngati akudwala. Anangouza mlonda wa pageti, poti ndi munthu wamkulu. Kenako mayi wophika tiyi, poti anafunsa chomwe ankamwetulira. Kenako mlamu wawo, poti anaimba foni pa nthawi yolakwika. Dzuwa lisanafike pamutu, apongozi anali ataimbira kale mwana wawo, akulira ndi chisangalalo.

Madzulo a Wayilesi analowa m'nyumba monyang'ama ngati galu woba mazira. Akazi awo anaseka mpaka misozi.

"Mwanayu ndi wathu, palibe chaonongeka," anatero. "Koma chikanakhala chinsinsi cha banki, bwenzi pano ndikukupatsirani chakudya kundende."

Mawuwo anawawawa, chifukwa anali oona. Anakhala pansi n'kuyang'ananso maphunziro aja modekha. Panali ena omwe poyamba anawadumpha mowanyoza: ophunzitsa ogwira ntchito kudziteteza, kuzindikira mauthenga a akuba, kusunga pasiwedi. Ntchito yake inali kuimirira pamaso pa anthu n'kumayankhula. A Wayilesi anadzimenya pamphumi. Zaka zonsezi ankayankhula ulere!

Mayeso anakhoza bwino. Tsiku loyamba kuphunzitsa anatsanzira wakuba woimba foni ndi mawu okoma, anthu anaseka mpaka kuiwala nkhomaliro.

Patapita masiku, kompyuta ya mayi wowerengera ndalama inavuta. A Wayilesi anafika ndi chikwama chawo cha zida n'kukhala pampando.

"Tandiuzani pasiwedi yanu, mayi, ndione chavuta."

Mayiwo anapinda manja. "Ayi, achimwene. Munanena nokha kuti tisauze munthu, ngakhale atakhala inuyo. Sunthani ndilembe ndekha, ndipo muyang'ane kukhoma."

A Wayilesi anatembenukira kukhoma, akumwetulira. Chiyambireni ntchito, aka kanali koyamba kuti munthu awakanize chinthu iwo n'kusangalala chonchi.